Tifunseni za Makompyuta: Kiyibodi Ikamangoduka-duka

Makalata a mwezi uno achuluka a makiyibodi a mechanical, aja okhala ndi switchi yakeyake pansi pa batani lililonse, olira kwatakwata munthu akamalemba. Tasankha angapo ochokera kuno ku Joni. Mayina tachotsa monga mwa nthawi zonse.

Funso: Akuluakulu, ndimalemba ma invoice pa kompyuta ya padesiki ya Windows 11. Kiyibodi yanga ili ndi nyale zamitundumitundu, ndinaigula miyezi 9 yapitayo. Masiku ano ndikamalemba, nyale zimangothima, kompyuta n'kulira kaphokoso kaja imalira ukazula fulashi, kenako yayakanso yokha. Tsiku lina kamodzi, tsiku lina kangapo. Mnzanga akuti ndi vairasi. Kodi ndiitaye? — Bambo wa ku Rosettenville

Yankho: Musaitaye bambo, ndipo za vairasi zichotseni m'mutu. Mwatithandiza potchula nyale ndi kaphokosoko. Ziwirizi zikutiuza kuti kompyuta ikuona ngati kiyibodi yazulidwa n'kulowetsedwanso. Maswitchi alibe mlandu pamenepa, chifukwa switchi ikafa chimafa ndi chilembo chimodzi, kiyibodi yonse siithima. Vuto lili panjira imene magetsi ndi mauthenga zimadutsa: bowo la USB la pakompyuta, chingwe, kapena bowo la pakiyibodi pamene chingwecho chimalowa.

M'kati mwa chingwe cha USB 2.0 muli timawaya 4. Tiwiri timanyamula magetsi a mavolti 5, tiwiri tinato timanyamula mauthenga. Kamodzi kokha kakathetheka m'kati, kunja chingwe chimaoneka chabwinobwino, koma mukagunda desiki ndi bondo kamalekana pang'ono n'kugundananso. N'chifukwa chake vutoli limabwera n'kupita.

Musanagule chilichonse, gwirani lamulo ili: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo chipatseni tsiku lathunthu kapena awiri. Anthu ambiri amasintha chingwe, bowo ndi madiraiva (timapulogalamu toyendetsa zipangizo) madzulo amodzi, vuto likatha sadziwa chimene chachiza, likabweranso amayambira pachiyambi.

Yambani ndi kugwedeza. Tsegulani Notepad, dinikizani batani limodzi osalisiya kuti chilembo chizingothamanga pa sikirini. Ndi dzanja linalo gwedezani chingwe pang'onopang'ono pamene chalowa m'kiyibodi, kenako pamene chalowa m'kompyuta, kenako chitsatireni ndi zala utali wake wonse, makamaka pamene chimapindika m'mphepete mwa desiki kapena pamene mwendo wa mpando umachiponda. Pamene chilembo chaimira, ndi pomwepo pali bala.

Ngati chingwe chanu n'chochotseka, ndipo makiyibodi ambiri a masiku ano ndi a USB-C, yesani china. Chimene chinabwera ndi foni m'bokosi chimakwanira. Chenjerani ndi zingwe zotchajira chabe zogulitsidwa pamsewu: zina zilibe timawaya ta mauthenga, choncho nyale zimayaka koma osalemba kanthu, munthu n'kuganiza kuti kiyibodi yafa. Chingwe chikhale chachifupi, mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Malire a USB 2.0 ndi mamita 5, koma zingwe zotchipa zimayamba kuvuta zisanafike kumeneko, ndipo kulumikiza ekisitenshoni pa ekisitenshoni inzake n'kudziputira mavuto. Zingwe zopotanapotana zija, zokhala ndi cholumikizira chachitsulo pakati, n'zokongola padesiki, sitikana. Koma mukazitambasula n'zazitali kwambiri, waya wake ndi wowonda, ndipo cholumikiziracho chimawonjezera malo owotcherera amene angamasuke. Ife tikamafufuza vuto timayamba tachotsa chimenecho.

Palinso kanthu kena ka USB-C. Makiyibodi ena otchipa alibe tima resistor tiwiri ta 5.1 kΩ timene timauza kompyuta kuti itumize magetsi. Oterowo sayaka n'komwe pa chingwe cha USB-C mbali zonse ziwiri, koma amagwira bwino pa chingwe cha mutu waukulu wa USB-A mbali ya kompyuta. Si vuto lanu inuyo poti yanu imayaka, koma owerenga a malaputopu atsopano alidziwe.

Tsopano bowo la pakompyuta. Lowetsani kiyibodi kumbuyo kwa kompyuta, m'mabowo amene ali pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta) penipeni. Mabowo a kutsogolo amadutsa pa waya wina m'kati mwa bokosi, ndipo ndi amene amakula msanga chifukwa mafulashi amalowa n'kutuluka tsiku lonse. Musadutse pa hub (kabokosi kochulukitsa mabowo a USB) kapena pa bowo la pamonita. Bowo la USB 2.0 limapereka magetsi okwana 500 mA, la USB 3.0, limene kawirikawiri limakhala la buluu m'kati, limapereka 900 mA. Kiyibodi yopanda nyale imadya zochepa kwambiri, koma ya nyale zambiri, zonse zitayaka zoyera mpaka kumapeto, imatha kuyandikira malire a 500 mA aja. Hub yopanda pulagi yakeyake, malamulo a USB 2.0 amangoilonjeza 100 mA pa bowo lililonse. Muwonjezerepo foni yotchaja ndi hard drive, magetsi amatsika, kachipu ka m'kiyibodi kamazima n'kudzukanso. Kuyesa kwake n'kosavuta: thimitsani nyale zonse, mabatani ake ali m'kabuku ka kiyibodiyo, nthawi zambiri Fn ndi batani lina. Ikasiya kuduka nyale zili zothima, mwaupeza mlandu.

Windows nayo ili ndi chizolowezi chogoneka mabowo a USB pofuna kusunga magetsi. Dinani kumanja pa Start, sankhani Device Manager, tsegulani Universal Serial Bus controllers. Pa USB Root Hub iliyonse ndi Generic USB Hub iliyonse, lowani Properties, kenako Power Management, n'kuchotsa chizindikiro pa mawu akuti "Allow the computer to turn off this device to save power". Mukatero pitani ku Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, USB settings, ndipo USB selective suspend setting muiike pa Disabled. Tinene zoona, izi zimathandiza kwambiri kiyibodi imene imaduka itakhala osagwiritsidwa ntchito kwa kanthawi. Yanu imaduka muli pakati polemba, ndiye ife tikukayikira chingwe kapena bowo kuposa Windows. Komabe n'zaulere, zichiteni.

Zonsezi zikakanika, nyamulani kiyibodi ndi chingwe chatsopano chija mukayese pa kompyuta ya mnzanu tsiku lonse, inu mubwereke kiyibodi wamba muike pa yanu. Yobwerekayo ikamadukanso, vuto lili pa kompyuta yanu: madiraiva a chipset, mabowo, kapena power supply (bokosi logawa magetsi m'kompyuta) yotopa. Yanu ikakaduka kwa mnzanu, vuto lili m'kiyibodi momwemo.

Likakhala m'kiyibodi, yang'anani m'bowo la USB-C ndi tochi ya foni. Kuno fumbi silisowa, makamaka mu Ogasiti mphepo ikamaulutsa dothi la pamilu ya m'migodi, ndipo limaumbana ndi timaulusi ta zovala pansi pa bowolo mpaka mutu wa chingwe sufika kumapeto. Chizindikiro chake n'chakuti chingwe sichilira "ke" polowa, chimangotsamira. Zulani kiyibodi, tengani chotokosera m'mano chamtengo, chisongoleni, mutokose mozungulira kalilime ka pakati osakakankha. Singano kapena pini ayi. Kadontho ka isopropyl alcohol kamathandiza, ndipo dikirani mphindi 10 kuti muume. Ngati bowo lenilenilo likugwedezeka, mtovu umene unaligwira pa bolodi wang'ambika. Pa makiyibodi ena bowolo lili pa kabolodi kakang'ono kapadera kolumikizidwa ndi kachingwe koyera mutu, ndipo kumangofunika kukankhira kachingweko m'malo mwake. Kuwotcherera USB-C si ntchito yophunzirira pa kiyibodi yanu, timiyendo take n'tating'ono kwambiri. Pitani nayo kwa okonza mafoni, aja amasintha mabowo otchajira tsiku ndi tsiku. Koma musanamasule sikuluu ngakhale imodzi, onani pepala la waranti: makampani ambiri amapereka chaka chimodzi, ndipo miyezi 9 ikadali m'kati.

Funso: Yanga ndi ya thupi la aluminium. Miyezi yonse yotentha inalibe vuto, koma chiyambire Juni imaduka ndikangodzuka pampando kapena ndikaikhudza pobwerera, ndipo nthawi zina imandimenya kashoko pachala. Ndimakhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba, magetsi ndimakoka ndi ekisitenshoni kuchokera kwa alandilodi. — Wophunzira wa ku Cosmo City

Yankho: Achimwene, imeneyi ndi static, magetsi aja amaunjikana m'thupi zovala zikamakhulana. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mvula siigwa kwenikweni, mpweya umauma gwa. Muwonjezerepo hitala, bulangete la fleece, kapeti ndi mpando wa pulasitiki, thupi lanu limanyamula mavolti masauzande angapo. Kwa inu ndi kashoko chabe, koma kachipu ka m'kiyibodi kamagwira ntchito ndi mavolti 5 kapena 3.3, ndiye kakalandira kamoto kameneko kamazima n'kuyambiranso. Ikamachitika kawirikawiri, tsiku lina sikadzadzukanso.

Musanakhudze kiyibodi, khudzani kaye chitsulo china chachikulu, monga mabagala a pawindo kapena felemu ya chitseko. Valani za thonje pokhala padesiki, bulangete la fleece lichoke pampando. Bweretsani chinyezi m'chipinda: beseni la madzi pakona, kapena thaulo lonyowa pa chingwe choyanikira, kutali ndi hitala, osati pamwamba pake. Chinyezi chikafika 40 peresenti kupita m'mwamba, static imachepa kwambiri.

Chimene chatidetsa nkhawa ndi ekisitenshoni ija. Pulagi ya kuno ili ndi mano atatu obulungira, ndipo lalikulu lapamwamba ndi la earth, njira imene magetsi osochera amathawira pansi. Maekisitenshoni ambiri olumikiza pamanja amakhala ndi mawaya awiri okha m'kati. Amene munabwera ndi kompyuta kuchokera kumudzi, ya pulagi ya mano atatu aphwatalala ija, onaninso adaputa yanu: ena otchipa dzino la earth silifika kulikonse. Siyanitsani zinthu ziwiri izi. Kashoko ka kamodzi, "thwa" n'kutha, ndi static. Koma ngati mukuyendetsa chala pa aluminium n'kumamva kunjenjemera kosalekeza, amenewo ndi magetsi otayikira kuchokera ku chaja kapena power supply, ndipo akusowa earth. Apo itanani wa zamagetsi wodziwa ntchito ayeze soketi. Musamangirire nokha waya ku paipi ya madzi. Pulagi yoteteza ku surge (magetsi okwera mwadzidzidzi) nayonso siigwira mokwanira pa soketi yopanda earth, ndipo ziphaliwali za kuno, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, sizisewera. Mvula ya mabingu ikayamba, zulani pakhoma.

Mwina muonanso kuti imaduka firiji ikamayaka kapena ketulo ikadinidwa pa ekisitenshoni yomweyo. Kompyuta ipatseni soketi yake. Kwa amene ali ndi inverter, kiyibodi yodutsa pa hub ya pulagi kapena pa monita imatha kuduka magetsi akamachoka ku Eskom kupita ku mabatire, ngakhale laputopu isathime. Ilowetseni m'laputopu mwachindunji.

Funso: Kiyibodi yanga ndi yopanda chingwe, ili ndi kadongo (dongle, kolandirira mauthenga a kiyibodi) kakang'ono ka USB komanso Bluetooth. Zilembo zimachedwa, zina zimasowa, nthawi zina imalemba "aaaaaa" yokha. Kadongoko kali kumbuyo kwa kompyuta pansi pa desiki, pafupi ndi hard drive yanga ya kunja. — Mayi wa ku Randburg

Yankho: Mayi, mwadziyankha nokha m'chiganizo chomaliza. Kadongoko kamalankhula pa 2.4 GHz, ndipo mabowo ndi zingwe za USB 3.0 zikamanyamula mafayilo zimatulutsa phokoso la wayilesi pamalo omwewo. Kampani ya Intel inafotokoza zimenezi m'chikalata chake cha 2012. Hard drive yanu ikugonthetsa kadongoko, komanso bokosi lachitsulo la kompyuta ndi desiki zaima pakati. "Aaaaaa" uja amabwera chifukwa kompyuta yamva kuti batani ladinidwa koma uthenga woti lasiyidwa watayika panjira.

Gulani ekisitenshoni yaifupi ya USB 2.0, ya mita imodzi, muilowetse m'bowo lakuda la USB 2.0, kadongoko kabwere pamwamba pa desiki, masentimita 30 mpaka 50 kuchokera pa kiyibodi. Hard drive ipite mbali ina. Ngati rauta ya Wi-Fi ili padesiki pomwepo isuntheni, ndipo kompyuta ndi mafoni zilumikizeni ku 5 GHz ngati rauta ili nayo. M'mafulati mmene khomo lililonse lili ndi rauta yake, 2.4 GHz imadzaza kwambiri madzulo, ndiye musadabwe vuto likamakula anthu akaweruka.

Batire ikatsika, mtunda umene kiyibodi imafika umachepa isanathime n'komwe, choncho itchajeni mokwanira musanaiweruze. Tchajirani pa kompyuta kapena pa chaja wamba ya mavolti 5. Onani kaswitchi ka kumbuyo kosankhira chingwe, Bluetooth ndi 2.4G, kakaima pakatikati kamasokoneza. Pa Bluetooth, chilembo choyamba kusowa mutaisiya mphindi zingapo si kuwonongeka, imakhala itagona kuti isunge batire. Ikamaduka muli kulemba, ichotseni pa mndandanda wa Bluetooth n'kuilumikizanso, ndipo mu Device Manager chotsani chizindikiro cha Power Management chija pa adaputa ya Bluetooth. Pansi pa kiyibodi pakafufuma kapena ikayamba kugwedera padesiki yosalala, batire yatupa. Lekani kuitchaja tsiku lomwelo, musaiboole, isinthidwe.

Funso: Tiyi anatayikira pa kiyibodi ya pashopu. Tinapukuta, inagwira sabata imodzi. Tsopano A, S, D ndi F zimafa pamodzi n'kudzukanso, zina zonse zili bwino. — Wogulitsa m'shopu ku Mayfair

Yankho: Bambo, iyi sikuduka ku kompyuta, ndipo chingwe chatsopano sichithandiza. Mabatani a kiyibodi amalumikizidwa m'mizere yopingasa ndi yotsika, kachipu n'kumayang'ana pamene mizere iwiri yakumana. Mabatani oyandikana akafera limodzi, mzere wawo wadwala. Madzi a tiyi anauma koma shuga ndi mkaka zinatsala pa bolodi, zikukoka chinyezi n'kumadya timizere ta kopa. Zulani lero, chotsani zipewa za mabatani mutajambula kaye chithunzi kuti musasokoneze pobwezera, tsegulani, tsukani bolodi ndi isopropyl alcohol ya 90 peresenti kapena kuposa ndi mswachi wofewa, muisiye iume maola 24. WD-40 wamba musathire, amasiya mafuta. Mukaona pobiriwira kapena pakuda pa kamzere, pafunika wowotcherera adumphitse ndi kawaya.

Likanakhala batani limodzi lokha pa kiyibodi ya hot-swap (ya maswitchi ozuka popanda kuwotcherera), tikanati zulani switchiyo ndi kachitsulo kake kozulira, muone ngati kamwendo kake sikanapindike, musinthanitse ndi ya batani limene simuligwiritsa ntchito monga Scroll Lock. Ndipo kiyibodi yonse ikamachita ulesi nyale zili chiyakire, onani Filter Keys mu Settings, pa Accessibility. Imatha kudzitsegula munthu akatsamira Shift ya kumanja masekondi 8, zimene zimachitika kawirikawiri pakauntala.

Funso: Yanga imaduka ndikangotsegula gemu, nthawi zina zonse ili bwino. Ena akuti ndiike firmware yatsopano. — Mnyamata wa ku Yeoville

Yankho: Yambani mwatseka mapulogalamu onse oyendetsa nyale. Awiri akamalimbirana kiyibodi imodzi, monga ya kampani yake ndi ina ya motherboard, imatha kuzima n'kudzuka gemu ikamasintha mitundu. Siyani imodzi yokha. Ngati kiyibodi yanu ndi ya polling rate (kuchuluka kwa maulendo amene imalankhula ndi kompyuta pa sekondi) ya 8000 Hz, itsitseni ifike 1000 Hz muone. Kusiyana kwake zala zambiri sizikumva, koma hub ndi zingwe zofooka zimakumva. Kumbukiraninso kuti gemu ikayamba, graphics card imakoka magetsi ambiri, ndipo power supply yochepa mphamvu imaonekera pamenepo. Mausi ikamadukira limodzi ndi kiyibodi, yang'anani kumeneko.

Firmware, pulogalamu ya m'kati mwa kiyibodi momwemo, ikhale yomaliza. Itengeni pa webusaiti ya kampani yokha, ya modelo yanu yeniyeni, chifukwa ya modelo yofanana dzina ingaphe kiyibodi. Magetsi akathima ili pakati polowa, ikhoza kukana kuyakanso, ndiye chitani zimenezi pa laputopu yodzaza batire, ndi chingwe chachifupi, popanda hub.

Funso: Ndinagula kiyibodi m'shopu ina m'tauni miyezi iwiri yapitayo. Imaduka pa makompyuta awiri, ndi zingwe ziwiri. Nditabwerera nayo anailowetsa mphindi imodzi, inalemba, n'kundiuza kuti ilibe vuto ndipo sabweza ndalama. — Mayi wa ku Turffontein

Yankho: Mayi, mbali ya kufufuza mwaimaliza bwino, vuto lili m'kiyibodi. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008, gawo 56, limati katundu akapezeka ndi vuto m'miyezi 6 chigulire, wogula atha kumubweza, ndipo ndi wogulayo amene amasankha pakati pa kukonzeredwa, kupatsidwa wina kapena kubwezeredwa ndalama. Chikwangwani cha "no refund" pakhoma sichifafaniza lamuloli. Akakonza, vuto lomwelo n'kubweranso m'miyezi itatu, ayenera kukupatsani ina kapena ndalama. Limateteza wogula aliyense, nzika kapena mlendo. Silikhudza katundu amene mwamuwononga nokha, choncho musaitsegule, ndipo silifika pa malonda a munthu wamba amene wangogulitsa chinthu chake kamodzi pa Facebook Marketplace.

Vuto lobwera n'kupita limafuna umboni. Imikani foni ijambule vidiyo yoonetsa kiyibodi ndi sikirini pamodzi, Device Manager ili yotsegula pa Keyboards, kuti dzina la kiyibodi lioneke likusowa n'kubweranso popanda dzanja lokhudza chingwe. Jambulaninso chimodzimodzi pa kompyuta yachiwiri. Tengani mavidiyowo, risiti ndi bokosi, mupemphe kuonana ndi manijala, ndipo dandaulo lanu mulilembe papepala lokhala ndi deti, inu musunge kope. Akakanabe, kadandauleni ku Consumer Goods and Services Ombud kapena ku National Consumer Commission. Risiti ya pamakina ija imafufutika msanga, ijambuleni ndi foni lero lomwe.